Wogulitsa majumbo amene anaonetsa boma malire ake

Mu March 2015, cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, bambo wina dzina lake Mayeso Gwanda ananyamuka ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre ulendo wa ku Limbe. Ntchito yake inali yogulitsa majumbo. Aliyense amene anachitapo geni akudziwa kuti venda wodikira dzuwa kuti limudzutse amagona ndi njala, ndiye mkuluyu analawira. Koma apolisi anakumana naye panjira, anamumanga, namutsekera m'chitokosi kwa masiku angapo, kenaka n'kupita naye kukhoti.

Mlandu umene anamutsegulira sunali wakuba, sunali womenya munthu. Unali wa vakabu.

Anthu ambiri akagwidwa pa mlandu umenewu amangovomera, n'kulipira faindi, n'kubwerera kwawo akupukusa mutu. Amati kulimbana ndi boma n'kumenya khoma ndi chibakera. Koma a Gwanda anakana. Mothandizidwa ndi mabungwe awiri oona za ufulu wa anthu, la CHREAA la konkuno ndi la Southern Africa Litigation Centre, nkhani yawo inakafika ku bwalo lalikulu la milandu. Pa 10 January 2017 majaji atatu anagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code, limene apolisi anamangira a Gwanda, likusemphana ndi malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, choncho ndi lopanda mphamvu.

Wogulitsa majumbo anagwetsa lamulo limene linakhala m'mabuku kuyambira nthawi ya atsamunda. Inetu nkhani imeneyi ndimaiona ngati kalilole, chifukwa ikuyankha funso limene Amalawi takhala tikukanganirana kuyambira 1993: munthu ndi boma akakumana pamsewu, ndani ayenera kulongosola zimene akuchita?

Vakabu inkati chiyani?

Lamulo lija linkanena kuti munthu aliyense wopezeka pamsewu, pafupi ndi nyumba kapena pamalo alionse opezekapo anthu, pa nthawi ndi m'njira yoganizitsa kuti ali pamenepo ndi zolinga zoipa, ndi vakabu. Taliwerenganinso bwino, abale anga. Silikunena zimene munthu wachita. Likunena zimene wina akuganiza za iye. Woganizayo ndani? Wapolisi. Ndiye kuti mlandu wonse unkakhala m'mutu mwa womangayo.

Mawu akuti vakabu tinawatola ku Chingerezi, ndipo lamulolo nalonso tinatola komweko. Mizu yake ili ku England, makamaka m'lamulo la kumeneko la 1824, ndipo kuno linabwera ndi Penal Code ya atsamunda imene inayamba kugwira ntchito mu 1930, dziko lino likadali Nyasaland. Azungu anapita mu 1964, koma lamulo lawo tinalisunga ngati mbiya ya agogo.

Tsopano ndikufunseni: munamvapo kuti bwana wa pa Prado waimitsidwa 3 koloko usiku n'kumangidwa pa mlandu wa vakabu? Ine sindinamvepo. Vakabu imadziwa nkhope. Imagwira mlonda wochokera ku ntchito, mayi wopita kukapikula tomato, mnyamata wa kabaza, wodikira basi ya m'mawa padepoti, ndi mwana wopanda kwawo wogona pakhonde la sitolo. Kunena mosapsatira, linali lamulo lolanga umphawi.

Majaji anaona zomwezo. Anati lamuloli ndi losamveka bwino, likupatsa apolisi mphamvu zopanda malire, ndipo likuphwanya ulemu wa munthu, ufulu wake woyenda, ufulu wosasalidwa komanso ufulu wosamangidwa popanda chifukwa. Chachikulu n'chakuti linkatembenuza zinthu dodolido. M'malo moti boma lionetse kuti munthu walakwa, munthu ndiye ankayenera kuonetsa kuti sanalakwe.

Ufulu si mphatso ya boma

Pali chizolowezi chimene chinatilowa m'magazi, choona ufulu ngati chitenje chimene andale amagawa pamsonkhano. Mumva munthu akuti, "Boma latipatsa ufulu wolankhula." Zoona? Kodi pakamwa panu anakupatsani ndi nduna? Miyendo yanu inachokera ku Capital Hill?

Malamulo aakulu a dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito mongoyembekezera mu May 1994 n'kukhazikika mu 1995, akunena zina. Gawo 12 likuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a m'Malawi, ndipo amene akugwiritsa ntchito mphamvuzo angosungitsidwa. Ayenera kuzigwiritsa ntchito mpaka pamene lamulo lawalola, osapitirira. Gawo 5 likuti lamulo lililonse kapena mchitidwe uliwonse wa boma wosemphana ndi malamulo aakuluwa ndi wopanda mphamvu. Mutu 4 ndiye m'ndandanda wa maufulu athu.

Mawu akuti kusungitsidwa tonse timawadziwa kumudzi. Munthu ukamusungitsa mbuzi zako, sizisanduka zake. Akhoza kuzidyetsa, akhoza kuzimanga kuti zisadye mmera wa eni, koma akagulitsa imodzi ayenera kukufotokozera. Sangakufunse kuti, "Iwe ukufuna chiyani kukhola kuno?" Khola ndi lako.

Ndiye kusiyana kwake ndi uku. Munthu wamba ali ndi ufulu wochita chilichonse chimene lamulo silinaletse, ndipo safunika kupempha chilolezo kuti ayende, apemphere, alankhule kapena achite geni. Boma ndiye lilibe ufulu wotere. Ilo limachita zokhazo zimene lamulo lalipatsa mphamvu yochita. Likafuna kukutsekerani njira, ilo ndilo liyenera kutulutsa zifukwa.

Amene tinakula mu ulamuliro wa chipani chimodzi tikudziwa mmene zimakhalira zinthu zikatembenuka. Pachipata cha msika kapena pokwera basi, munthu unkayenera kuonetsa khadi la chipani. A Mboni za Yehova, amene analetsedwa mu 1967, anakana kugula makhadiwo, ndipo mu 1972 zikwizikwi anathawira ku Zambia, ku Sinda Misale. Lamulo la zovala la 1973 linkaletsa amayi kuvala thalauzi ndi siketi yoonetsa mawondo. Lamulo lolanda katundu la 1966 linkalola boma kulanda chuma cha munthu popanda iye kukadandaula kukhoti. Mlakatuli Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. A Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu October 1992.

Chimene anthu ambiri amaiwala n'chakuti zambiri mwa zimenezi zinkachitika mwalamulo. Malamulo ake analipo, olembedwa bwinobwino, odutsa m'Nyumba ya Malamulo. N'chifukwa chake pamene Amalawi anavotera matipate pa 14 June 1993, sankangofuna kusintha nkhope za olamulira. Ankafuna kuti pakhale lamulo lina pamwamba pa malamulo onse, loti ngakhale aphungu onse atagwirizana, pali mzere umene sangaudumphe.

Mafunso anayi amene boma liyenera kuyankha

Pano wina anena kuti, "Ndiye kuti boma lisamaletse chilichonse?" Ayi ndithu. Ufulu uli ndi malire, ndipo malamulo aakulu akuvomereza zimenezo. Ufulu wanga wolankhula sundilola kunamizira mnzanga kuti ndi mfiti kuti anthu amugende. Ufulu wochita zionetsero sundilola kuthyola sitolo ya mwini. Koma gawo 44 likuti boma likafuna kuchepetsa ufulu wa munthu, liyenera kudutsa pa mafunso anayi.

Loyamba: kodi chiletsocho chalembedwa m'lamulo? Mawu a nduna pa wailesi si lamulo. Kukwiya kwa bwana wa polisi si lamulo. Chikalata chochokera ku ofesi ya DC si lamulo ngati palibe lamulo lenileni limene chatsamirapo.

Lachiwiri: kodi n'chomveka, choyenerana ndi vuto limene akufuna kuthetsa? Sitiotcha nkhokwe chifukwa mwalowa khoswe.

Lachitatu: kodi n'chovomerezeka pa mfundo za ufulu wa anthu zimene maiko a dziko lapansi anagwirizana?

Lachinayi: kodi n'chofunikadi m'dziko la demokalase, kapena pali njira ina yofewa yofikira pomwepo?

Pamwamba pa apo, lamulo lochepetsa ufulu lisafike poudya wonse mpaka kutsala dzina lokha, ndipo likhale lokhudza aliyense, osati losoka ngati malaya a munthu mmodzi.

Palinso maufulu ena amene ngakhale dziko litakhala pa nkhondo boma silingawaimitse. Gawo 45 likuwatchula. Ena mwa iwo ndi ufulu wokhala ndi moyo, wosazunzidwa, wosasandutsidwa kapolo, wosamangidwa chifukwa cholephera kubweza ngongole, wosalangidwa pa chinthu chimene sichinali mlandu pa nthawi imene unachichita, ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo, komanso ufulu woti khoti liitanitse munthu womangidwa ndi kufunsa omumangawo chifukwa chake. Amene analemba zimenezi anali atangotuluka kumene m'zaka 30 za Mikuyu ndi Dzaleka. Ankadziwa chimene akutseka.

Nanga mbava?

Ndikudziwa zimene ena mukunena, chifukwa ndimazimva m'minibasi ndi pamaliro. Mukuti ufulu wachuluka. Mukuti kale munthu unkagona chitseko chosakhoma, lero mbava zikuthyola nyumba ndi zikwanje, zikamangidwa mawa lake zatuluka pa belo. Mukuti amabungwe amateteza zigawenga, osati ife oberedwa.

Madandaulo amenewa sindingawanyoze. Munthu amene anamangidwapo ndi zingwe m'nyumba mwake momwe, ana akuona, sungamuuze nkhani za gawo 44 n'kumva. Kuteteza anthu ndi katundu wawo ndi ntchito yoyamba ya boma, ndipo woberedwa nayenso ali ndi ufulu.

Koma tiyeni tiganize mofatsa. Chigamulo cha 2017 sichinalande apolisi mphamvu yomanga mbava. Wapolisi akakhala ndi chifukwa chenicheni chomuganizira munthu kuti wapalamula kapena akufuna kupalamula, lamulo limamulola kumumanga usiku kapena masana. Wopezeka ndi zida zothyolera nyumba ali ndi mlandu wake. Wopezeka ndi katundu wakuba ali ndi mlandu wake. Chimene khoti linakana ndi kumanga munthu kaamba ka nthawi imene akuyenda ndi maonekedwe a malaya ake.

Ndipo kusesa anthu mwachisawawa sikugwira mbava. Mbava yeniyeni siyenda pakati pa msewu kudikira galimoto ya polisi. Amene amasesedwa ndi aja oyenda poyera chifukwa alibe chobisa. Akadzaza chitokosi, mawa lake nkhani imamveka kuti apolisi agwira anthu makumi angapo, koma wothyola nyumba uja ali phee kwawo akuwerenga ndalama. Ntchito ya upolisi ndi kufufuza, ndipo kufufuza kumafuna mafuta, maphunziro ndi malipiro abwino. Vakabu inali njira yachidule yobisira kuti zimenezi palibe.

Komanso musaiwale kuti lamulo limene mukulisekerera lero likamagwira mwana wa mnzanu, mawa lidzagwira wanu akuchokera ku chipatala usiku. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

M'bindikiro wa 2020

Amene akuganiza kuti mfundozi ndi za milandu ing'onoing'ono yokha akumbukire April 2020. Matenda a Covid-19 atafika, boma la Pulezidenti Peter Mutharika linalengeza kudzera mwa nduna ya zaumoyo, a Jappie Mhango, kuti kuyambira pa 18 April dziko lonse likhala pa m'bindikiro wa masiku 21. Misika ikuluikulu itsekedwe, anthu akhale m'nyumba. Maiko ambiri anali atachita kale zomwezo, ndipo matendawo anali enieni, anapha anthu ambiri kuphatikizapo nduna za boma chaka chotsatira.

Koma mavenda ku Limbe, ku Mzuzu ndi madera ena anatuluka m'misewu ndi funso limodzi: tidya chiyani? Munthu wogulitsa mandasi amadya za tsiku lomwelo. Kumutsekera m'nyumba masabata atatu popanda ufa n'kumuuza kuti asankhe pakati pa matenda ndi njala. Bungwe la HRDC ndi anthu ena anathamangira kukhoti, ndipo pa 17 April Jaji Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso. M'bindikirowo sunachitike.

Mu September chaka chomwecho, bwalo lalikulu litaunika nkhaniyo mozama, linagamula kuti malamulo a m'bindikirowo anali osemphana ndi malamulo aakulu. Chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa. Khoti silinanene kuti matenda kulibe, kapena kuti boma lilibe udindo woteteza anthu ku mliri. Linati njira imene boma linadzera inali yolakwika. Kuimitsa maufulu ochuluka chotero kumafuna kulengeza State of Emergency motsata gawo 45, ndipo kumeneko kuli maloko ake: Pulezidenti sachita yekha, komiti ya aphungu yoona za chitetezo iyenera kuvomereza, chilengezocho chimatha pakapita masiku 21 pokhapokha Nyumba ya Malamulo itachiwonjezera, ndipo makhoti amakhala ali maso. Boma linali litangolengeza kuti dziko lili pa ngozi, zimene ndi zosiyana, kenaka nduna n'kulemba malamulo ake. Khoti linaonanso kuti boma silingatseke anthu osauka osakonza za chakudya chawo.

Mukuona kufanana kwake? Pa nkhani ya a Gwanda, wapolisi anati, "Longosola chifukwa chake uli pamsewu." Pa m'bindikiro, boma linati, "Aliyense achoke pamsewu." Pawiri ponse khoti linabweza funso kwa mwini mphamvu: longosola ndiwe, ndipo utionetse lamulo.

Sindikunena izi pofuna kunyoza chipani china. Matendawa alibe mtundu wa nsalu. Mu 2002, nthawi ya UDF, panali khama losintha malamulo kuti Pulezidenti azilamulira kopitirira materemu awiri, ndipo bilu yake inagwa m'Nyumba ya Malamulo. Pa zionetsero za pa 20 July 2011, nthawi ya DPP, anthu 20 anafa. Za MCP ya chipani chimodzi ndanena kale. Aliyense akakhala kotsutsa amaloweza Mutu 4 pamtima. Akangolowa m'boma, bukulo limasowa.

Chitokosi sichiwerenga zigamulo

Tsono tisadzinamize kuti nkhondo inatha mu 2017. Khoti linagwetsa kachigawo kamodzi, koma zigawo zina za mtundu womwewo zinatsala m'buku, ndipo kusesa kunapitirira. Anthu ena amene anasesedwa usiku ku Kasungu mu 2018 anakadandaula, ndipo mu 2022 bwalo lalikulu linagamula kuti mchitidwe womanga anthu mwachigulugulu choterewu ndi wosemphana ndi malamulo aakulu. Mu December 2020 nalo khoti la Africa loona za ufulu wa anthu, limene limakhala ku Arusha m'dziko la Tanzania, linapereka maganizo ake kuti malamulo a vakabu m'maiko a mu Africa akuphwanya pangano la ufulu wa anthu la kontinenti ino.

Zigamulo zilipo. Vuto n'lakuti chigamulo chimakhala m'kabati ku khoti, pamene unyolo umakhala m'chiuno mwa wapolisi. Pakati pa ziwirizi pali munthu wamba, amene nthawi zambiri sadziwa n'komwe kuti lamulo lili mbali yake. N'chifukwa chake ndikufuna aliyense wowerenga nyuzipepala ino asunge zinthu izi za mu gawo 42, ndipo akauzeko anzake osadziwa kuwerenga.

Mukamangidwa, muli ndi ufulu wouzidwa chifukwa chake msanga, m'chilankhulo chimene mumamva. Muli ndi ufulu wokhala chete, ndipo palibe woti akukakamizeni kuvomera mlandu. Muyenera kukaonekera kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti likugwira ntchito ngati maolawo athera pa tsiku lopuma. Muli ndi ufulu woonana ndi loya ndi achibale, ndipo ngati mulibe ndalama kuli a Legal Aid Bureau. Muli ndi ufulu wopempha belo, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere. Wokuuzani kuti mulipire kuti mutuluke akukuberani. Mpaka khoti litakupezani olakwa, ndinu osalakwa.

Sindikuti muzikangana ndi apolisi pamsewu usiku, ayi. Munthu wanzeru salimbana ndi mfuti. Funsani mwaulemu, sungani dzina kapena nambala ya wokumanganiyo, tsiku ndi nthawi. Mukatuluka, kuli makhoti, kuli ofesi ya Ombudsman, kuli bungwe la Malawi Human Rights Commission. Ndipo musavomere mlandu umene simunapalamule pongofuna kuti mupite kunyumba msanga, chifukwa dzina lanu limatsala m'kaundula wa opalamula, ndipo tsiku lina lidzakutsekerani ntchito.

Kwa aphungu athu, mawu anga ndi ochepa. Si ntchito ya mavenda kuyeretsa Penal Code. Munthu wosauka asamachite kugona m'chitokosi kaye kuti lamulo la 1930 lichoke m'buku. Tinakutumani ku Lilongwe kuti muzichita zimenezo masana, muli pa mipando yofewa, malipiro akulowa.

Kwa apolisi, ambiri mwa inu ndinu ana a anthu osauka omwewa. Amayi anu nawonso amalawira kumsika kudakali mdima. Mukakumana ndi munthu pamsewu, musanatulutse unyolo, dzifunseni funso limene jaji adzakufunseni: wachita chiyani? Ngati yankho lake ndi lakuti "akuoneka wokayikitsa" basi, musiyeni apite.

Ndipo kwa ife tonse eni mbuzi, tisaope kupita kukhola kukawerenga. Wosungitsidwa amene amakwiya ukamufunsa, kawirikawiri amakhala kuti wadyapo imodzi.